Khansa, mankhwala ake ndi zikhadabo: mafunso ndi mayankho kwa anthu a kunyanja ku Nkhotakota

Munthu akamayamba kulandira mankhwala a khansa, anamwino amamuuziratu za kuthothoka kwa tsitsi, nseru ndi kufooka. Nkhani ya zikhadabo imatsalira, poti mzere wa odwala ndi wautali ndipo zofotokoza ndi zambiri. Wodwala amakaziona yekha atabwerera kwawo ku Chia, ku Benga kapena ku Dwangwa, patatha mwezi umodzi kapena iwiri. Zikhadabo zada, zina zachita mizere, china chayamba kutukuka. Dokotala ali ku Lilongwe, ndiye oyankha amakhala achibale ndi anansi, aliyense ndi nzeru zake. Kabuku aka talembera odwala, owasamalira ndi alangizi a zaumoyo.

Mankhwala amandiika pamkono kuti akaphe khansa. Afika bwanji kuzikhadabo?

Chikhadabo chomwe mumachiona ndi chouma kale, n'chifukwa chake kuwenga sikupweteka. Pamoyo pali kutsinde, pansi pa khungu, kuseri kwa kachigawo koyerera komwe kamaoneka bwino pachala chachikulu. Pamenepo maselo amachulukana usana ndi usiku, n'kumakankhira chikhadabo kutsogolo.

Mankhwala ambiri a khansa, omwe kuchipatala amawatcha chemotherapy, amalimbana ndi maselo ochulukana mofulumira, chifukwa ndimo mumachitira khansa. Akalowa m'magazi amafika thupi lonse, ndipo sasankha. Amakhudza tsinde la tsitsi, khungu la m'kamwa, mafuta a m'mafupa momwe mumapangidwa magazi, ndi tsinde la chikhadabo lomwe. Tsitsi limaonetsa msanga. Chikhadabo chimachedwa, chifukwa cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita 3 okha pamwezi, ndipo cha kumapazi sichifika n'komwe theka la pamenepo mwa anthu ambiri. Zomwe zachitika kutsinde lero mudzaziona patatha milungu ingapo.

Zikhadabo zanga zada zonse. Kodi khansa yafalikira?

Ayi. Kutsinde kwa chikhadabo kuli maselo omwe amapanga mtundu wakuda wa khungu lathu. Nthawi zambiri amakhala chete, koma mankhwala ena amawadzutsa, ndipo kwa ife akhungu lakuda zimenezi zimachitika kawirikawiri kuposa kwa azungu. Odziwika nazo ndi doxorubicin ndi cyclophosphamide, omwe amaperekedwa pa khansa ya m'mawere ndi ya lymphoma, komanso bleomycin, yemwe wathandiza anthu ambiri a khansa ya Kaposi m'dziko muno. Hydroxyurea nayenso amatero. Kudako kumabwera ngati mizere yotsika kuchokera kutsinde, kapena yopingasa, kapena chikhadabo chonse chimangoti bii. Ena m'manja, kumapazi ndi lilime lomwe mumada.

Doxorubicin ndi uja wofiira. Amafiiritsa mkodzo kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kuno komwe tinazolowera likodzo anthu amaganiza kuti ndi magazi. Kufiirako kukapitirira masiku awiri, kapena mukamva kuwawa pokodza, pamenepo auzeni achipatala.

Pali china chomwe chimavutitsa odwala kuposa kudako. Zaka za m'mbuyomu anthu ena ankamwa ma ARV okhala ndi AZT, yemwenso amadetsa zikhadabo, ndiye m'midzi munakhazikika maganizo oti zikhadabo zakuda zimaulula matenda a munthu. Mayi amayamba kubisa manja m'chitenje pamaliro ndi pamsika. Zikhadabo sizingakuuzeni ngati munthu ali ndi HIV kapena ayi. Zimenezo zimadziwika poyezetsa magazi basi.

Nanga mizere yopingasa iyi, yokumbika ngati tingalande?

Nthawi iliyonse mukalandira mankhwala, tsinde la chikhadabo limaima kaye kugwira ntchito kwa masiku ochepa, kenako n'kuyambanso. Pomwe linaimapo pamatsala kamzere. Mukamalandira mankhwala pakatha milungu itatu iliyonse, mizereyo imatalikirana pafupifupi mamilimita 2, ndipo mukaiwerenga mupeza kuti ikulingana ndi maulendo anu a ku Lilongwe. Zili ngati mizere ya zinyalala yomwe nyanja imasiya pamchenga madzi akamatsika: uliwonse ukuonetsa pomwe mafunde anafika.

Dokotala wina wa ku France, Joseph Beau, ndiye anafotokoza mizereyi mu 1846, ndipo mpaka lero imadziwika ndi dzina lake. Si ya mankhwala a khansa okha. Matenda alionse omwe agwetsa munthu kwambiri, monga malungo aakulu kapena chibayo, amatha kuisiya. Payokha ilibe vuto. Kungoti mzere ukazama, chikhadabo chimatha kuthyokera pomwepo ukafika kunsonga, ndiye muziwenga msanga.

Chikhadabo chikutukuka, pansi pake pakutuluka madzi onunkha. Nditani?

Ili ndiye vuto lofuna maso. Limabwera makamaka ndi paclitaxel ndi docetaxel. Paclitaxel anthu ambiri akumudziwa tsopano, chifukwa amaperekedwa pa khansa ya m'mawere, ya khomo la chiberekero ndi ya Kaposi. Kafukufuku yemwe anachitika m'Malawi muno, ku Kenya, ku Uganda, ku Zimbabwe, ku South Africa ndi ku Brazil, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anapeza kuti kwa anthu omwe Kaposi yawafika patali, paclitaxel pamodzi ndi ma ARV amathandiza kuposa bleomycin ndi vincristine. Ndi mankhwala abwino, koma zikhadabo amazivuta.

Zimayamba ndi kuwawa kunsonga za zala, monga mwapanidwa ndi chitseko. Kenako pansi pa chikhadabo pamaoneka magazi oundana, ofiirira kapena akuda, ndipo chikhadabocho chimayamba kulekana ndi mnofu kuchokera kunsonga. Mpata umenewo umasunga madzi, mchenga ndi zotsalira za ndiwo, ndipo tizilombo timapezamo malo. Mukaona mtundu wobiriwira pansi pake, tizilombo talowa kale.

Musachizule, ngakhale chikugwedera. Wengani mbali yomwe yatukukayo kuti isamakodwe mu nsalu kapena mu ukonde. Musatokose pansi pake ndi kamtengo ka machesi, munga kapena pini, chifukwa mukukulitsa mpatawo. Viikani chalacho kwa mphindi 10 kapena 15 m'madzi omwe mwawiritsa n'kuwasiya kuti afunde, mutathiramo mchere pang'ono, kenako pukutani mpaka chiume. Pogwira ntchito mangani kansalu koyera, ndipo kakanyowa kasintheni. Chikhadabo chikagwa chokha musade nkhawa, china chimamera.

Ulendo wotsatira aonetseni anamwino manja ndi mapazi asanakuikeni diripi. Odwala ambiri amavula nsapato pokhapokha atauzidwa. M'zipatala zina kunja amaveka odwala magolovesi ozizira kwambiri pomwe mankhwalawa akulowa, kuti mitsempha ya kuzala ifinyike ndipo mankhwala ochepa okha afikeko. Musayese nokha ndi madzi oundana a kwa ogulitsa nsomba musanafunse.

Ndiye ndisiye kaye mankhwalawa mpaka zikhadabo zichire?

Musasiye. Tikudziwa kuti ulendo wochoka ku Nkhotakota kudzera ku Salima mpaka ku Kamuzu Central Hospital ndi wa makilomita pafupifupi 200, ndipo pamafunika ndalama za anthu awiri, wodwala ndi womudikirira. Banja likagulitsa kale mpunga ndi mbuzi, zikhadabo zowawa zimakhala chifukwa chabwino chokhalira pakhomo. Koma chikhadabo chimameranso, pomwe khansa ikapeza mpata wa miyezi iwiri imakula, ndipo mankhwala omwe ankagwira amatha kudzalephera. Vuto likakula dokotala ali ndi njira zake. Atha kuchepetsa mlingo, kukankhira tsiku patsogolo pang'ono, kapena kusintha mankhwala. Zonsezo amachita munthu akabwera. Ma ARV nawonso musasiye, ngati mumamwa.

Amati tisamanyowetse manja. Ife ntchito zathu zonse ndi za m'madzi. Zitheka bwanji?

Malangizo ambiri a zikhadabo analembedwa ndi anthu okhala ndi mipopi m'nyumba ndi makina ochapira. Taonani tsiku la mayi wa kunyanja. M'mawa watsikira kudooko ndi mbale, akukwecha mapoto ndi mchenga. Wachapa zovala. Wasenda chinangwa cha kondowole, kapena wakavuula chomwe anaviika, n'kumachifinya ndi manja m'madzi owawasa aja. Mabwato akafika akutola usipa, kuutsuka, kuuyala pathandala. Chambo achipale mamba, achitumbule. Nyengo ya mpunga ali m'matope ku sikimu ya Bua kapena m'dambo la kwawo, akuwokera, zala zikulowa m'dothi kambirimbiri. Bambo naye akukoka chilimira, akusoka ukonde, akuwonjola nkholokolo ndi kampango, nsomba zomwe minga yake imabaya ngakhale munthu wosamala. Ngakhale ntchito zokhala pansi, monga kutongola chimanga ndi kusadzula nkhwani, zimadalira chikhadabo cha chala chachikulu.

Sitinganene kuti musiye zonse. Koma ntchitozi sizifanana kuopsa kwake. Zomwe wodwala ayenera kusiyiratu pomwe akulandira mankhwala ndi zobaya ndi zonyika manja kapena mapazi nthawi yaitali m'madzi auve: kutumbula ndi kuwonjola nsomba, kuwokera mpunga, kuvuula chinangwa, kukwecha ndi mchenga. Chifukwa chake si zikhadabo zokha. Mankhwala aja amachepetsa asilikali a m'magazi, ndipo amatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 kuchokera pomwe munalandira. M'masiku amenewo kabala ka munga wa nsomba, komwe kale kankapola kokha, kangathe kulowetsa tizilombo m'magazi.

Apa nkhani yafika kwa apabanja. Kawirikawiri bambo akadwala ntchito zake ena amazitenga popanda kukambirana, koma mayi akadwala amadzukabe kukatsuka, poopa kuti apongozi ndi alamu anena kuti wayamba ulesi. Abambo, ana okulirapo ndi azilamu, gawanani ntchito zonyowazo kwa miyezi imeneyi, ndipo muzitenge musanapemphedwe. Wodwala atha kusankha mpunga, kuyang'anira nsomba pathandala, kugulitsa, kulera ana.

Pomwe palibe wothandiza, magolovesi a pulasitiki ochapira aja amateteza, bola akhale osabooka ndipo mkati mukhale mouma. Kuvala onyowa mkati n'koipa kuposa kusavala. Mukamaliza sambani ndi sopo, pukutani chala chilichonse, ndipo pakani Vaseline kapena mafuta ena osanunkhira kuzungulira zikhadabo, makamaka pogona. Asilamu omwe amasamba m'manja ndi m'mapazi asanaswali apitirize, koma azipukuta bwino, pakati pa zala za kumapazi pomwe.

Musayende chopanda nsapato, ndipo nsapatoyo isapane zala. Vincristine, paclitaxel ndi cisplatin amachititsa dzanzi m'manja ndi m'mapazi, moti munthu amapondapo mbedza kapena kutema nsima yotentha osamva kanthu. Madzulo aliwonse yang'anani mapazi, kapena wina akuyang'anireni. Thekenya likalowa musalitokose nokha ndi pini. Mayi yemwe anachotsedwa bere pamodzi ndi mwanabere wa m'khwapa asamale kwambiri dzanja la mbali imeneyo, chifukwa limatupa msanga ndipo bala lake limachedwa kupola. Chimodzimodzi omwe miyendo yawo inatupa ndi Kaposi, ndi odwala shuga.

Ndi zizindikiro ziti zofuna kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo?

Khungu lozungulira chikhadabo likatupa, kutentha, kugunda ndi ululu kapena kutuluka mafinya, pitani. Kutupako kukamakwera m'chala kulowera kudzanja kapena kuphazi, kapena m'khwapa kapena m'mphechepeche mukatuluka mwanabere wowawa, pitani. Magazi akamatuluka osaleka, pitani.

Choposa zonse ndi kutentha thupi. Likafika madigiri 38, kapena mukumva kuzizidwa ndi kunjenjemera, musadikire kuche. Kuno thupi likatentha aliyense amati ndi malungo, n'kumwa Panado, kugona. Atha kukhaladi malungo, koma kwa munthu yemwe asilikali ake atsika, tizilombo tolowa m'magazi timapha m'maola ochepa, ndipo Panado amangobisa kutenthako. Simukuyenera kufika ku Lilongwe. Pitani pachipatala chomwe muli nacho pafupi, kaya ndi ku Nkhunga, ku Dwambazi, ku St Anne's kapena chipatala chachikulu cha paboma, mutatenga buku lanu la kuchipatala. Mukafika musakhale chete pamzere. Nenani kuti, "Ndikulandira mankhwala a khansa, ndinalandira tsiku lakuti, thupi latentha." Ngakhale atayeza malungo n'kuwapeza, aonetseni chalacho.

Musathire pabala ufa wa m'makapisozi, phulusa, mafuta a galimoto kapena madzi a batire. Aspirin ndi Brufen musamwe musanafunse, chifukwa mankhwala a khansa amachepetsanso timaselo toundanitsa magazi.

Ndiziwenga bwanji? Nanga Cutex ndi hina?

Wengani mukangosamba, zikhadabo zili zofewa, ndipo zikhale zazifupi. Za kumapazi dulani mowongoka, osalowa m'makona. Lezala ndi loopsa kwa munthu wadzanzi. Gulani chowengera chanuchanu, muzichitsuka, ndipo musabwerekane ndi wina. Kakhungu ka kutsinde kwa chikhadabo musakadule kapena kukakankha, ndiko kamatseka kuti madzi asalowe. Kuluma zikhadabo lekani.

Zikhadabo zomata za kusaluni musaike, chifukwa zimasunga chinyontho ndipo pochotsa zimasupula chenichenicho. Cutex pa zikhadabo zomwe zangoda koma zili zolimba palibe choletsa, ndipo kwa mayi yemwe akuchita manyazi zimathandiza kuti atuluke m'nyumba. Kungoti mankhwala ochotsera amaumitsa zikhadabo, ndiye musamasinthe pafupipafupi. Tsiku lopita kuchipatala pitani zili zosapaka, chifukwa anamwino amayang'ana pansi pa chikhadabo kuti aone ngati magazi achepa, ndipo kachipangizo kopana chala koyeza mpweya wa m'magazi kamasokonezeka ndi utoto wakuda. Hina sachoka mpaka chikhadabo chikule, ndiye mudikire mumalize mankhwala. Wakuda uja wogula m'sitolo amasakanizidwa ndi utoto womwe umawenga anthu ena.

Kwathu akuti zikhadabo zikamagwa ndiye kuti wina anatola zowenga zanga n'kukandilodza.

Ambiri tinakula tikuuzidwa kuti tizikwirira zikhadabo tikawenga. Koma mukakhala pabenchi ku Kamuzu Central tsiku la mankhwala, yang'anani manja a anzanu ochokera ku Dedza, ku Kasungu, ku Mchinji. Omwe akulandira mankhwala ofanana ndi anu zikhadabo zawo zikufanana ndi zanu. Mapemphero ndi chilimbikitso cha abale n'zofunika. Choopsa ndi kutema mphini, chifukwa ndi mabala atsopano pathupi lomwe lilibe chitetezo, komanso kumwa zitsamba zomwe zimalemetsa chiwindi ndi impso pomwe zikulimbana kale ndi mankhwala.

Ine sindikulandira mankhwala alionse, koma chikhadabo chimodzi chili ndi mzere wakuda. Ndide nkhawa?

Funso ili ndi losiyana ndi ena onse. Anthu akuda ambiri, makamaka akamakula, amakhala ndi mizere yopyapyala yoderapo pa zikhadabo zingapo, yosasintha kwa zaka. Imeneyo ndi yachibadwa. Magazi oundana chifukwa chopunthwa kapena kupanidwa ndi bwato nawonso amada, koma amayenda ndi chikhadabo kulowera kunsonga, ndipo kutsinde kumamera choyera.

Koma ilipo khansa ya pakhungu, melanoma, yomwe kwa azungu imakonda malo opsa ndi dzuwa, pomwe kwa ife imakonda kuphazi kopondera, m'manja ndi pansi pa chikhadabo. Imagwira chala chimodzi, kawirikawiri chachikulu cha kumanja kapena cha kuphazi. Mzere wake umaposa mamilimita 3 m'lifupi, umakulirakulira, mtundu wake sufanana ponse, ndipo suyenda ndi chikhadabo. Kudako kukatulukira pakhungu la kutsinde kapena la m'mbali, kapena chikhadabo chikang'ambika n'kuchita chilonda chotuluka magazi, musataye nthawi.

Woimba wa ku Jamaica Bob Marley anapezeka ndi khansa imeneyi mu 1977 pachala chachikulu cha kuphazi. Poyamba ankaiyesa bala la mpira. Madokotala analangiza kuti chalacho chidulidwe, iye sanavomere, ndipo anangomuchotsa chikhadabo ndi mnofu wozungulira. Anapitiriza kuimba, mpaka pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe mu April 1980, koma khansayo inafalikira kumapapo ndi kuubongo. Anamwalira pa 11 May 1981 ali ndi zaka 36. Msodzi yemwe akuti "ndinangopunthwa pamwala" koma chala chakhala chakuda chaka chathunthu akaonetse. Khansayi ikapezeka msanga, opaleshoni yokha imatha kukwanira.

Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani chikhadabocho lero ndi mwezi wamawa, mufanizire. Chotsimikiza ndi kudula kanyama n'kukakayeza. Ku Kamuzu Central kuli labotale yoyeza zimenezi kuyambira mu 2011, ndipo achipatala cha paboma ndiwo amatumiza munthu kapena kanyamako. Chilonda kapena njerewere ya m'mbali mwa chikhadabo chimodzi yomwe yakana mankhwala kwa miyezi nayonso iyezedwe.

Kodi khansa ya m'kati mwa thupi imaonekera pa zikhadabo?

Nthawi zina. Nsonga za zala zikafufuma, zikhadabo n'kupindikira pansi mozungulira, vuto limakhala m'mapapo, mumtima kapena m'chiwindi. Itha kukhala khansa ya m'mapapo, koma kuno madokotala amayamba aganizira TB ndi matenda ena okhalitsa a m'chifuwa. Zikhadabo zopyapyala, zolowa pakati moti dontho la madzi likhazikikapo, ndi zotuwa pansi pake, zimasonyeza kuchepa kwa magazi. Kunyanja kuno zoyambitsa zake zachuluka: likodzo, njoka za m'mimba, malungo, zakudya zosakwanira. Koma mayi yemwe magazi akumuthera chifukwa chotaya magazi pakati pa msambo, akagona ndi mwamuna, kapena atasiya kale kusamba, akayezetse khomo la chiberekero. Khansa imeneyi ndiyo imapha amayi ambiri kuposa ina iliyonse m'Malawi. Ndipo wokodza magazi atakula kale asangoti ndi likodzo lakale, chifukwa likodzo lokhalitsa limatha kubala khansa ya chikhodzodzo.

Anditumiza kokawotcha khansa ndi makina. Zikhadabo zivutanso?

Ayi, pokhapokha ngati akuwotcha dzanja kapena phazi lenilenilo. Mphamvu ya makinawo imagwira pomwe yalunjika basi. Kale thandizoli anthu ankalipeza kunja kwa dziko, koma mu 2025 boma linatsegulira National Cancer Centre ku Lilongwe komwe kuli makinawa. Amayi a khansa ya khomo la chiberekero nthawi zambiri amalandiranso cisplatin pa nthawi yomweyo, ndiye za dzanzi ndi za kutentha thupi zikuwakhudzabe.

Pali chakudya kapena mankhwala oti zikhadabo zichire msanga? Zidzabwerera liti?

Mankhwala ofulumizitsa palibe, ndipo ndalama zogulira mavitamini odula ndi bwino zisungidwire thiransipoti. Thupi limafuna zomanga, zomwe mu kondowole ndi zochepa. Ndiwo ndizo zofunika: usipa, utaka, nyemba, mazira, chigwada kapena masamba ena otendera, zonse zophikidwa bwino. Ululu wa zala ukamakulepheretsani kugona, uzani a chisamaliro cha odwala matenda okhalitsa pachipatala cha paboma. Ku Salima kulinso Ndi Moyo, malo omwe anayambitsa mayi Lucy Finch, othandiza pa ululu wa khansa.

Mukamaliza mankhwala, yang'anani kutsinde. Patatha mwezi umodzi kapena iwiri mudzaona chikhadabo chatsopano chikutuluka, chosalala ndi cha mtundu wake wakale. Cha kumanja chimasinthika chonse pafupifupi m'miyezi 6, cha kuphazi chimatenga chaka mpaka chaka ndi theka. Chomwe chinagwa chimatha kumera chokhuthala kapena chopindika poyamba, ndipo mwa anthu ena kuda pang'ono kumakhalitsa. Dzanzi limachedwa kutha kuposa zikhadabo, ndiye nsapato musafulumire kuvula. Zina zonse zikayera koma chimodzi chikatsala chakuda, mzere wake n'kumakula, kachionetseni kwa dokotala osadikira tsiku lomwe analemba m'buku.